Momwe magazi a ziweto adayambira kuulula matenda

Msewu wochoka pa boma la Thyolo kulowera kummwera umayamba wadutsa m'minda ya tiyi, kenako n'kukwera ndi kutsika zitunda mpaka pa Thekerani, m'dera la Mfumu Yaikulu Nsabwe, usanatsetsereke kupita ku Muona m'chigwa cha Shire. Tiyi adafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo esiteti ngati ya Satemwa ilipo chiyambire 1923. Nthaka yabwino itapita ku tiyi, eni dera ambiri adatsala ndi timinda ta m'mapiri. Pa kamunda kotere munthu sangawete ng'ombe zambirimbiri ngati anzake a kuchigwa. Chuma cha pakhomo chimakhala nkhumba ziwiri kuseri kwa nyumba, mbuzi zapachingwe, nkhuku zingapo, ndipo kwa amwayi, ng'ombe imodzi yamkaka yodyera m'khola.

Woweta ziweto zochepa chonchi akadzuka n'kupeza nkhumba yagona osadya, funso lakuti yadwala chiyani limakhudza fizi ya ana ndi feteleza wa chaka chino. Funsoli ndi lakale. Njira zoliyankhira ndizo zakhala zikusintha.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 mliri wa ng'ombe wa rinderpest udalowa mu Africa kudzera ku Eritrea, utabwera ndi ng'ombe zimene asilikali a ku Italy adaitanitsa. Pofika 1892 udali utafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi, ndipo mu 1896 udawoloka Zambezi. M'madera ambiri ng'ombe 9 pa 10 zilizonse zidafa, pamodzi ndi njati zam'tchire. Nthawi imeneyo kuzindikira matenda kudali kwa maso ndi mpeni basi: kuona misozi, dovu ndi kutsekula m'mimba, kenako kutumbula yakufa n'kuyang'ana matumbo. Ukamadziwa chimene chavuta, khola lidali litatha kale.

Kenako kudabwera makina oonera tinthu ting'onoting'ono. David Bruce, dokotala wa asilikali a Britain, adagwira ntchito ku Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1914 kufufuza tizilombo ta kaodzera, timene ntchentche za tsetse zimafalitsa kwa anthu ndi ziweto. Dontho la magazi pa kagalasi lidayamba kuonetsa tizilombo ta m'magazi, kuphatikizapo toyambitsa East Coast fever, matenda ofala ndi nkhupakupa amene adabweretsa lamulo la dipi. Njira ya kagalasiyi ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo sindiyipeputsa. Vuto lake ndi lakuti mavairasi saoneka pa makina wamba otere. Woyambitsa chigodola cha nkhumba, wa chitopa ndi wa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi onse ndi mavairasi.

Nzeru yotulukira pa vutoli idali yakuti ngati mdani sakuoneka, tifufuze asilikali amene thupi lapanga polimbana naye. Amalawi ambiri mawu akuti asilikali a m'thupi adawazolowera pa nkhani ya Edzi. Nyamanso ili nawo. Kachilombo kalikonse kakalowa, thupi limapanga asilikali oyenerana ndi kachilombo komweko, ndipo amatsala m'magazi miyezi kapena zaka. Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson a ku New York adaonetsa cha m'ma 1960 kuti zinthu zochepetsetsa za m'magazi zikhoza kuyezedwa pogwiritsa ntchito asilikaliwa, koma njira yawo inkadalira mphamvu ya nyukiliya. Inkafuna zipangizo zodula, chitetezo chokhwima ndi malo apadera otayirako zinyalala. Labotale ya boma losauka sikadakwanitsa.

Mu 1971, pa yunivesite ya Stockholm ku Sweden, Eva Engvall ndi mphunzitsi wake Peter Perlmann adalengeza njira yochotsa nyukiliya n'kuikapo enzyme, chinthu cha m'zamoyo chimene chimatha kusintha mtundu wa madzi ena. Adaitcha ELISA. Chaka chomwecho Anton Schuurs ndi Bauke van Weemen a ku Netherlands adatulukira zofanana nazo paokha. Pasanathe zaka zambiri, Alister Voller ndi anzake ku London adaisamutsira pa kambale ka pulasitiki kamene ma labotale akugwiritsa ntchito mpaka pano.

Kambaleko n'kokwana m'dzanja ndipo kamaoneka ngati bawo, kungoti bawo ili ndi maenje 32 pamene iko kali ndi 96. Pansi pa kadzenje kalikonse amamatapo kachidutswa ka kachilombo kamene akukafuna. Mlangizi wa ziweto amatenga magazi pa mtsempha wa pakhosi kapena wa kumchira kwa ng'ombe, n'kuwasiya kuti aundane. Pamwamba pamayandama madzi achikasu, ndipo m'menemo ndi mmene muli asilikali. Madziwo akadonthezedwa m'kadzenje, asilikali oyenerana ndi kachilomboko amakanirira pomwepo, ena onse amachoka potsuka. Kenako amathira mankhwala okhala ndi enzyme, amene amagwira pa asilikali okanirirawo. Amatsukanso, n'kuthira madzi omaliza. Pamene pali enzyme madziwo amasanduka obiriwira ngati mtambo, ndipo akawathira asidi amakhala achikasu. Makina ang'ono amawerenga kukula kwa mtunduwo. Pali mitundu ina ya ELISA imene imayenda mobwerera, kuti kadzenje kosasintha mtundu ndiko kakusonyeza matenda, ndiponso ina yofufuza kachilombo kenikeniko m'malo mwa asilikali. Koma mfundo ndi yomweyo. Munthu mmodzi atha kuyeza ziweto zambirimbiri tsiku limodzi.

Madokotala a ziweto sadachedwe kuilandira. M'ma 1970 momwemo ku Netherlands ankayesa kale njirayi pa nkhumba zokhala ndi nyongolotsi za Trichinella, ndipo mu 1979 akatswiri a ku Pirbright ku England adafalitsa ELISA ya chigodola cha nkhumba.

Pa chigodolachi dziko lathu lili ndi malo ake m'mabuku a sayansi. Matendawa adafotokozedwa koyamba ku Kenya mu 1921, ndipo kwa nthawi yaitali ankadziwika kuti akalowa m'khola sasiya nkhumba. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Haresnape, Lungu ndi Mamu adayendera midzi ya m'chigawo chapakati kutenga magazi a nkhumba zoyendayenda ndi kufunsa eni ake. Zimene adafalitsa mu 1985 zidasonyeza kuti ku Mchinji ndi mbali zina za Kasungu, Ntchisi, Dowa ndi Lilongwe kudali nkhumba zamoyo zokhala ndi asilikali olimbana ndi chigodola. Zidadwala n'kupulumuka. Kafukufuku wotsatira adapeza kachilomboko mu nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola ndi ya nyumba ku Mchinji. Maso sakadaulula zimenezi, chifukwa nkhumba yopulumuka imaoneka ngati ina iliyonse.

Kummwera nkhani idali ina. Mu Disembala 1989 chigodola chidabuka m'chigawo chino, ndipo pofika Ogasiti 1990 nkhumba zoposa 31,000 mwa pafupifupi 70,000 za m'madera okhudzidwa zidali zitafa kapena kuphedwa. Kuno kachilomboko sikadali kokhazikika ngati ku Mchinji, choncho nkhumba zidagwa ngati mmene mabuku akale ankanenera. Pano mpamene malire a ELISA yofufuza asilikali amaonekera. Chigodola chaukali chimapha nkhumba m'masiku ochepa, thupi lisanapange asilikali okwanira, ndiye magazi ake akhoza kutuluka ngati abwino chonsecho ndi chigodola chomwe chaipha. N'chifukwa chake pa mliri ofufuza amafuna kapamba ndi ziwalo zina za nkhumba yakufa kuti apeze kachilombo kenikeniko, masiku ano makamaka ndi njira ya PCR. Mwini khola akathamangira kupha yodwala n'kugulitsa kwa a kanyenya, umboni umapita pa chiwaya. Munthu sadwala chigodola, koma kachilomboko kamakhala miyezi mu nyama, ndipo makombo ake akafika m'khola la mnansi, mudzi wonse walira.

Kumene ELISA idaonetsa mphamvu zake zonse ndi pa rinderpest yemwe uja. Katemera wabwino adalipo kale, wopangidwa ndi Walter Plowright ku Muguga m'dziko la Kenya, koma mliri unkabwererabe chifukwa padalibe njira yapafupi yotsimikizira kuti ng'ombe zolembedwa m'mabuku kuti zabayidwa zatetezekadi. Katemera wofundidwa ndi dzuwa panjira ndi madzi chabe. Ntchito ya Pan African Rinderpest Campaign itayamba mu 1986, mabungwe a FAO ndi IAEA adagawira ma labotale a mu Africa zida za ELISA ndi kuphunzitsa anthu ake. Magazi adayamba kutsutsa malipoti. Kumapeto, katemera atasiyidwa dala, njira yomweyo idatsimikizira kuti ana a ng'ombe obadwa pambuyo pake sadakumanepo ndi kachilomboko. Kadaoneka komaliza mu njati ku Kenya mu 2001, ndipo mu 2011 dziko lonse lidalengezedwa kuti lilibe rinderpest. Nthenda ina yokha imene anthu adaithetsa chonchi ndi nthomba.

Kwa Nsabwe nkhawa yapafupi imachokera kunsi kwa phiri. Ku Chikwawa ndi Nsanje matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akhala akubukabuka, ndipo njati za ku Lengwe zimadziwika kuti zimasunga kachilomboko. Akabuka, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuyendetsa nyama, ndipo katemera amachokera ku Botswana Vaccine Institute ku Gaborone. Pamenepa pamabuka funso lovuta. Ng'ombe yobayidwa ndi yodwaladi zonse zili ndi asilikali, ndiye tizisiyanitsa bwanji? Pali ELISA yofufuza asilikali amene thupi limapanga pokhapokha kachilombo kamoyo kakaswana m'menemo, ndipo katemera woyeretsedwa bwino sawayambitsa. Chiletso chisanachotsedwe, yankho lotere limafunika kwambiri, pakuti ng'ombe yokwera kuchoka kuchigwa ikhoza kufikitsa matenda pakati pa ng'ombe zamkaka za kumtunda, zimene sizipirira ngati zachikuda.

Ulimi wa mkakawu ndiwo wasintha nkhope ya Thyolo. Bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, lomwe lidayamba mu 1985, limagwirizanitsa magulu osonkhanitsa mkaka m'maboma a Thyolo, Chiradzulu, Blantyre ndi Mulanje. Mkaka wa makola ambirimbiri ukamathiridwa m'thanki imodzi, matenda a ng'ombe imodzi amakhudza anthu ambiri. Amodzi mwa oopsa ndi brucellosis, amene dzina lawo lidachokera kwa David Bruce yemwe uja. Amachititsa ng'ombe kutaya bere, ndipo munthu womwa mkaka wosaphitsa kapena wogwira zotuluka pobereka ndi manja opanda chotchinga amadwala malungo obwerezabwereza, osavuta kuwasokoneza ndi a udzudzu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 ndi Tebug ndi anzake adapeza zizindikiro za matendawa mwa ng'ombe zamkaka pafupifupi 8 pa 100 zilizonse zimene adayeza kumpoto. Wina wa Kothowa ndi anzake, wofalitsidwa mu 2021, adayeza ng'ombe zamkaka za kummwera ndi njira ya Rose Bengal komanso ELISA, ndipo sadapeze ngakhale imodzi. Ena amaona ngati kafukufuku wosapeza kanthu ndi ndalama zotayika. Ine ndimati ayi. Kudziwa kuti makola ndi oyera kumatanthauza kuti ntchito yaikulu ndi kuyeza ng'ombe iliyonse yatsopano isanalowe m'gulu, kaya yachokera ku bungwe lachifundo kaya kunja kwa dziko.

Pa East Coast fever namonso ELISA idapeza ntchito. Akatswiri a bungwe la ILRI ku Nairobi adapanga yawo m'ma 1990, ndipo imathandiza kuona ngati katemera wagwira. Katemerayo, wotchedwa Muguga cocktail, amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Ngakhale chisaka chimene chidasakaza nthochi za ku Thekerani chimazindikirika ndi njira ya mtundu womwewu, pakuti akatswiri a mbewu nawonso adaitengera.

Tsono sayansi yake ndi yakale, yadutsa zaka 50, ndipo si yovuta. Chovuta ndi mtunda wa pakati pa khola ndi kambale kaja. Labotale yaikulu ya zaumoyo wa ziweto ili ku Lilongwe, ndipo zina zili ku Blantyre ndi Mzuzu. Magazi otengedwa kwa Nsabwe amayenera kuyenda ali ozizira, olembedwa bwino, n'kufika asanaonongeke. Mankhwala oyezera amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, amafuna firiji yosazimazima, ndipo ali ndi tsiku lothera ntchito. Alangizi a ziweto ndi ochepa poyerekeza ndi midzi imene amayang'anira. Kunena zoona, kuyeza kwambiri kumene tikukudziwa kudachitika pa nthawi ya kafukufuku kapena ya mliri. Dziko lofuna kugulitsa mkaka ndi nyama modalirika liyenera kuyeza nthawi zonse, ngakhale makola ali bata, ndipo ndalama zake ziyenera kukhala mu bajeti ya boma.

Gawo la woweta nalo lilipo, ndipo silifuna ndalama. Nkhumba ikafa mosadziwika bwino, kapena ng'ombe ikataya bere, musatumbule chakufacho nokha, musagulitse nyama yake, ndipo musalole anthu kulowa ndi kutuluka m'kholamo. Itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, atenge zokayeza zisanaole.