Amasankha ndani masewero otchuka a Loweruka? Mbiri ya TV ndi mpira wa m'makoleji ku America

Loweruka lililonse, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Novembala, mayunivesite a ku America amasewera mpira wawo uja wooneka ngati dzira, wothamanga nawo m'manja. Musawuone ngati masewero a ana asukulu. Bwalo la yunivesite ya Michigan lokha limalowa anthu oposa 107,000, ndipo matimu a m'gawo lapamwamba alipo oposa 130. Tsiku limodzi pamakhala masewero ambirimbiri, koma amene dziko lonse limawaonera ndi kuwakamba ndi atatu kapena anayi basi. Nanga atatuwo amawasankha ndani? Yankho lake lakhala likusintha kwa zaka zoposa 80, ndipo nthawi zonse wosankhayo ndi amenenso amagawa ndalama.

Masewero oyamba a makoleji kuoneka pa TV anali a pa 30 Seputembala 1939, pomwe Fordham inagonjetsa Waynesburg 34–7 ku New York, pa siteshoni ya NBC. Nthawi imeneyo okhala ndi TV anali owerengeka, ndiye palibe anada nkhawa. Pofika 1950 ma TV anali atayamba kuchuluka m'nyumba, ndipo akuluakulu a makoleji anayamba kuona mipando yopanda anthu m'mabwalo. Mantha awo anali omveka: munthu angalipirirenji pageti kukaonera timu yaing'ono ya kwawo, chikhalirecho Notre Dame ikuoneka ulere pabalaza?

Mu 1951 bungwe loyendetsa masewero a makoleji, NCAA, linalanda mphamvu zonse zogulitsa masewero ku ma TV. Yunivesite ya Pennsylvania, yomwe inkaonetsa masewero ake apakhomo kuyambira 1940, inakana. NCAA inaopseza kuti matimu ena asiya kusewera nayo, ndipo Pennsylvania inagonja. Chaka chotsatira mkulu wa bungweli, Walter Byers, anagulitsa nyengo yonse ku NBC pa madola pafupifupi 1.1 miliyoni. Kuyambira apo, kwa zaka zoposa 30, siteshoni inkasankha masewero m'kati mwa mpanda womangidwa ndi NCAA: masewero ochepa kwambiri pa sabata, ndipo timu iliyonse, itchuke bwanji, inali ndi malire a maulendo oonekera.

Mpandawu unkabala zoseketsa. Pa 19 Novembala 1966 Notre Dame, yomwe inali nambala 1, inkakumana ndi Michigan State, nambala 2. Dziko lonse linkafuna kuonera, koma Notre Dame inali itatha kale mwayi wake woonekera m'dziko lonse chaka chimenecho. Siteshoni ya ABC inkayenera kuonetsa masewerowo m'zigawo zina zokha. Anthu atadandaula kwambiri, anapeza njira yozembera lamulo, madera ena nkuonera mochedwa, masewero atajambulidwa kale. Zotsatira zake? 10–10.

Chinakwiyitsa matimu akuluakulu kwenikweni chinali ndalama. Mu 1981 ABC inaonetsa masewero a Oklahoma ndi USC pa masiteshoni 200, ndipo sabata yomweyo a The Citadel ndi Appalachian State anaoneka pa masiteshoni anayi okha. Matimu onse anayi analandira ndalama zofanana. Kwa ang'onoang'ono chimenechi chinali chilungamo. Kwa Oklahoma kunali kuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Masukulu amphamvu anali atapanga kale gulu lawo mu 1977, lotchedwa College Football Association, ndipo mu 1981 linagwirizana palokha ndi NBC. NCAA itaopseza zilango, mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia anathamangira kukhoti.

Pa 27 Juni 1984 khoti lalikulu kwambiri la America linagamula, majaji 7 kwa 2, kuti NCAA ikuphwanya malamulo oletsa kutsekereza mpikisano pa malonda. Chochititsa chidwi n'chakuti jaji amene analemba maganizo otsutsa, Byron White, anali katswiri wa mpirawu pa yunivesite ya Colorado m'ma 1930. Iye anachenjeza kuti masewero a ophunzira asanduka bizinesi ngati ina iliyonse. Madzi anatayika tsiku limenelo, ndipo sanaoleke.

Poyamba opambana mlandu aja anadzipweteka okha: masewero atachuluka pa msika, mtengo wa masewero amodzi unatsika. Koma mphamvu yosankha inali itasamuka, kuchoka ku ofesi ya NCAA kupita kwa ogula. Mu 1990 Notre Dame inasiya anzake nkugulitsa masewero ake apakhomo ku NBC, mgwirizano womwe unayamba mu 1991 ndipo ukadalipo mpaka lero. Ligi ya kumwera, SEC, inapita ku CBS mu 1996, ndipo College Football Association inafa chaka chotsatira. Aliyense payekhapayekha.

Ndiye lero kusankhako kumayenda bwanji? Choyamba ndi umwini. Siteshoni singaonetse masewero amene sinagule, ndipo ufulu umatsatira timu yapakhomo ndi ligi yake. Kuyambira 2024 masewero apakhomo a SEC ndi a ESPN ndi ABC, omwe onse ali pansi pa Disney. A ligi ya Big Ten amagawana Fox, CBS ndi NBC, pa mgwirizano wa zaka 7 womwe unalengezedwa mu 2022, wa madola pafupifupi 7 biliyoni. Nyengo isanayambe masiteshoni atatuwa amasankha mosinthanasinthana, ngati ana akugawana osewera pabwalo la fumbi, ndipo Fox kawirikawiri imayamba ndi kutenga Ohio State ndi Michigan.

Chachiwiri ndi nthawi. Masewero ambiri sadziwika ola lake mpaka kutatsala masiku 12, ndipo nthawi zina masiteshoni amadikira mpaka kutatsala masiku 6 kuti aone kaye amene wapambana Loweruka lapitalo. Otsatira Premier League mukuidziwa nkhani imeneyi, ya masewero osunthidwa chifukwa cha TV. Wovutika ndi wochemerera amene akufunika kulipira ulendo ndi malo ogona asakudziwa ngati mpira uyamba masana kapena usiku.

Chachitatu ndi dzina. Timu yokhala pa nambala yabwino imakoka anthu, inde, koma Alabama, Ohio State, Texas kapena Notre Dame imakoka ngakhale chaka chimene ikuvutika, chifukwa ochemerera ake ali ponseponse. Nkhani yokoma imagulitsanso: mu 2023 Deion Sanders atakhala kochi wa Colorado, timu yomwe inapambana kamodzi kokha chaka cham'mbuyo, makamera onse anakhamukira ku Boulder. Colorado inamaliza nyengoyo itapambana 4, itagonja 8, koma masiteshoni anali atadya kale.

Palinso mapulogalamu a m'mawa. College GameDay ya ESPN inayamba mu 1987 m'situdiyo, ndipo inatuluka koyamba pa 13 Novembala 1993 kupita ku South Bend, komwe Notre Dame inagonjetsa Florida State 31–24. Kuyambira pamenepo, komwe GameDay yamanga msasa ndi komwe anthu amati kuli masewero a sabata. Mu 1996 Lee Corso anayamba mwambo wovala chimutu cha chidole cha timu imene akuilosera, ndipo anaupitiriza mpaka atapuma mu Ogasiti 2025. Nthawi zina pulogalamuyi imapatukira kwa ang'ono, monga ku Fargo kwa North Dakota State mu 2013, kapena ku Jackson State mu 2022. Koma Fox itayambitsa Big Noon Kickoff mu 2019, zinaonekeratu kuti aliyense amaimbira ng'oma katundu wake: masewero aakulu a Fox amayamba 12 koloko masana ku New York chifukwa ola limenelo linalibe mwini wamphamvu, kaya ochemerera akonde kaya asakonde.

Nanga osasankhidwa? Matimu a ligi ya MAC amasewera Lachiwiri ndi Lachitatu usiku mu Novembala, kukuzizira koopsa, mabwalo ali gwaa, chifukwa ndi masiku okhawo amene ESPN ili ndi mpata wowaika poonekera. Zoopsa kwambiri zinagwera Pac-12, ligi ya kumadzulo yomwe mizu yake inayamba mu 1915. Masewero ake ambiri ankayamba anthu a kum'mawa akukagona. USC ndi UCLA atalengeza mu Juni 2022 kuti akupita ku Big Ten, otsalawo analephera kupeza mgwirizano wa TV wokhutiritsa, ndipo pofika 2024 masukulu 10 mwa 12 anali atachoka. Oregon State ndi Washington State anatsala awiriwiri. Lero wophunzira wa ku Los Angeles amawuluka makilomita pafupifupi 4,000 kukasewera masewero a ligi ku New Jersey.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Timu yoonekera kwambiri imakopa achinyamata aluso, imapeza ndalama, imapambana, kenako imaonekeranso. Yosaonekera imatha pang'onopang'ono, ndipo masiteshoni amati anthu saifuna. Kamera imene imati ikungotsatira ukulu ndi yomweyo imene ikuupanga. Komabe tisaiwale kuti mpanda wakale uja sunali paradaiso: ndalama zinkalowa, osewera osalandira malipiro. Kutsegula msika kwa 1984 kunakulitsa chuma mpaka bodza loti awa ndi ophunzira wamba linalephera kuima. Kuyambira 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama pa dzina lawo, ndipo kuyambira 2025 sukulu ikhoza kugawira osewera ake ndalama, zomwe malire ake m'chaka choyamba anali madola 20.5 miliyoni.

Oklahoma, yomwe inatsegula chitseko chimenechi, inasiya ligi yake mu 2024 nkulowa SEC limodzi ndi Texas. Masewero ake apachaka ndi Oklahoma State, omwe anayamba mu 1904, anaima pambuyo pa 2023.