Nsembe ya Mmphawi mu Israeli Wakale

Chipembedzo cha Aisraeli akale chinkafuna chuma. Munthu akachimwa sankangopepesa pakamwa, koma ankapita kwa wansembe atakoka chiweto choti chiphedwe paguwa. Kwa mwini khola la mbuzi zambiri, iyi inali nkhani yaing'ono. Nanga mlimi waganyu kapena mkazi wamasiye, amene analibe ndi mwana wankhosa yemwe, akanatani? Kodi umphawi ukanamutsekera khomo la chikhululukiro?

Buku la Levitiko likuonetsa kuti malamulo a nsembe analiganizira vuto limeneli. Chaputala 4 chimasiyanitsa anthu molingana ndi udindo wawo: mkulu wa ansembe akachimwa ankapereka ng'ombe yamphongo, mtsogoleri ankapereka tonde, pamene munthu wamba ankapereka mbuzi kapena nkhosa yaikazi. Chaputala 5 chimatsikirabe pansi. Wolephera kupeza nkhosa ankaloledwa kubwera ndi njiwa ziwiri kapena maunda awiri, ndipo amene mbalame zomwezo zinkamukanika ankabwera ndi ufa wosalala wokwana limodzi la magawo khumi a efa, womwe ndi pafupifupi malita awiri.

Nkhani ya ufayi ndi yodabwitsa. Levitiko yemweyo, pa chaputala 17, amaphunzitsa kuti moyo uli m'magazi ndipo magaziwo ndiwo amachotsa tchimo. Komabe pofika pa munthu wosaukitsitsa, lamulo linalola nsembe yopanda ngakhale dontho la magazi. Ufawo sunkathiridwa mafuta kapena lubani, chifukwa inali nsembe yauchimo. Izi zinkachepetsanso mtengo wake. Wansembe ankatapa ufa wodzaza dzanja nautentha paguwa, ndipo wotsalawo unkakhala wake. Chachikulu n'chakuti wopereka ufa ankakhululukidwa chimodzimodzi ndi wopereka nkhosa. Chimene chinkatsika ndi mtengo wa nsembe basi. Tizindikirenso kuti mmphawi sanauzidwe kuti angokhala kunyumba. Nayenso ankaimirira pamaso pa wansembe ali ndi kanthu m'manja, ndipo ulemu wake unkasungika.

Mwayi womwewu unalipo kwa mayi wobereka ndi kwa wakhate amene wachira. Wakhate wosauka ankapereka nkhosa imodzi ndi mbalame ziwiri m'malo mwa nkhosa zitatu. Uthenga Wabwino wa Luka umatchula mbalame ziwiri pofotokoza nsembe ya Yosefe ndi Mariya ku Yerusalemu, chomwe ndi chizindikiro chakuti banjali silinali lolemera. Pamsonkho wa theka la sekeli pokha, Eksodo 30 amalamula kuti wolemera ndi wosauka azipereka mofanana.

Komatu lamulo labwino likhoza kuonongekera pamsika. Pamene khamu la anthu linkafuna mbalame ku Kachisi, amalonda ankapezerapo mpata wokweza mitengo. Buku la Mishnah, lomwe arabi analisonkhanitsa cha m'ma 200 AD, limasimba kuti nthawi ina Kachisi asanagwetsedwe ndi Aroma mu 70 AD, mbalame ziwiri zinafika pa dinari yagolide. Nsembe ya amphawi inasanduka ya olemera okha. Simeon ben Gamaliel, mmodzi wa atsogoleri a Ayuda, ataona izi anagamula kuti mayi amene ali ndi ngongole ya nsembe zisanu azingopereka imodzi. Ogula atachepa, mtengo wa mbalame unagwa tsiku lomwelo.