ORS

ORS ndi ufa wa mchere ndi shuga umene amausungunula m'madzi aukhondo pothandiza munthu amene madzi atha m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba. Ku Malawi anthu ambiri amangoti Thanzi.

Ntchito yake imachitikira m'matumbo aang'ono. Maselo a m'kati mwa matumbowa ali ndi timakomo ta puloteni totchedwa SGLT1, timene timalowetsa sodiyamu wa mu mchere pokhapokha akabwera pamodzi ndi shuga wa gulukosi. Mchere ukalowa, madzi amautsatira mpaka kukafika m'magazi. Chopatsa chidwi n'chakuti ngakhale kolera itavuta chotani, timakomoti timagwirabe ntchito. Wasayansi Robert Crane ndiye anafotokoza kayendedwe kameneka mu 1960. Mu 1971, madiripi atasowa m'misasa ya ku India, dokotala Dilip Mahalanabis anapulumutsa ndi madzi a mchere ndi shuga anthu ambiri othawa nkhondo ku Bangladesh.

Muyezo suyenera kuphonyedwa: paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi. Shuga akachuluka, monga m'zakumwa zozizilitsa kukhosi, amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsegulako kumakula. Potaziyamu wa m'paketimo amabwezeretsa amene watayika, yemwe mtima ndi minofu zimamufuna kuti zigwire bwino ntchito.