Dzira la Makumba ndi Maiwe a ku Domasi

Mtsinje wa Domasi umachokera m'phiri la Zomba, nutsetsereka kudutsa dera la Mfumu Malemia mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. M'chigwa chimenechi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, boma la atsamunda linakumba maiwe oyeserera ulimi wa nsomba, pamalo amene lero akutchedwa National Aquaculture Centre. Kwa makolo athu a kunyanja, nsomba inali yogwira ndi khoka, osati yoweta ngati mbuzi. Woweta ayenera kudziwa chinthu chimene msodzi sachiona kawirikawiri: mmene kadzira kochepa ngati njere ya mapira kamasandukira nsomba yamaso, mamba ndi minga.

Nzeru imeneyi inabwera pang'onopang'ono. M'chaka cha 1665, Robert Hooke wa ku England anayang'ana khungwa la mtengo pa galasi lokuza zinthu, naona timagawo tonga tizipinda. Timeneti ndito timatchedwa maselo. Mu 1855, dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anatsindika kuti selo lililonse limachokera ku selo linzake. Ndipo mu 1882, Walther Flemming anafotokoza mmene timaulusi ta m'phata la selo timagawikira pawiri, kuti selo lililonse latsopano litenge gawo lofanana ndi la mnzake.

Zimenezi n'zomwe zimachitika m'kamwa mwa makumba, mbale wake wa chambo amene amawetedwa kwambiri m'maiwe a ku Domasi. Yaikazi ikaikira mazira m'chisa chimene yaimuna yakumba pansi, imawatola ndi kuwafungatira m'kamwa. Gawo lalikulu la dzira ndi chakudya cha mwana. Moyo umayambira pa kadontho kamene kali pamwamba pake. Kadonthoko kamagawika pawiri, kenako panayi, kenako pasanu ndi patatu, mpaka maselo kuchuluka osawerengeka. Poyamba onse amaoneka ofanana. Pambuyo pake amayamba kusuntha ndi kuyalana m'magulu atatu. Gulu lakunja limapanga khungu, ubongo ndi mitsempha yake. Lapakati limapanga mnofu, mtima ndi magazi. Lam'kati limapanga matumbo ndi chiwindi. Nthawi yonseyi, pafupifupi masabata awiri, mayiyo sadya, koma amangotembenuza mazirawo kuti alandire mpweya.

Funso limene linazunguza akatswiri linali lakuti: kodi selo likasanduka la m'matumbo, limataya malangizo opangira diso kapena mtima? Yankho linachokera kwa chule wa m'madzi wa kuno ku Africa, wotchedwa Xenopus. Mu 1962, John Gurdon wa ku Oxford anatenga phata la selo la m'matumbo a mbululu, naliika m'dzira limene analichotsa phata lake. Dziralo linakula n'kukhala mbululu yathunthu. Zinadziwika tsono kuti selo lililonse limasunga malangizo onse a thupi, koma limangogwiritsa ntchito okhawo oyenera udindo wake. Chifukwa cha ntchito imeneyi, Gurdon analandira mphoto ya Nobel mu 2012.

Ku Domasi nzeru zotere zinasanduka ntchito ya manja. Akatswiri a boma, pamodzi ndi a bungwe la ICLARM, limene tsopano ndi WorldFish, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, komanso a JICA a ku Japan m'zaka za m'ma 1990, anafufuza kaswedwe ka nsomba za kwathu kuno: makumba, chilunguni ndi mlamba. Mlimi wa nsomba amadziwa kuti m'miyezi ya June ndi July, madzi akazizira, maselo amagawika mochedwa, nsomba sizikula msanga ndipo siziswana. Amadziwanso kuti makumba aamuna amakula mofulumira kuposa aakazi, popeza aakazi amathera mphamvu pa mazira ndi kufungatira.

Mbiri ya nyanja zathu ikusonyeza chifukwa chake zimenezi zikutikhudza. Chilwa inaphwa mu 1968 ndiponso mu 1995, koma nsomba zinabwerera chifukwa zochepa zinapulumukira m'mathawale a mitsinje yothira m'nyanjayo, n'kudzaswana madzi atadzaza. Ku Malombe nkhani inali ina: madzi sanaphwe, koma chambo chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka a maso ang'onoang'ono atakokolola kasawala ndi kuwononga malo oswera.

Tsono owerenga athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, nyengo yotseka nyanja ikafika kumapeto kwa chaka, tisaione ngati nkhanza za a zausodzi. Chambo chachikazi chikakodwa chitafufuma kukhosi, chimalavula mazira mazanamazana amene anali pakati pa ulendo umene tafotokozawu. Ku Domasi angathe kuthandiza dzira kuti liswe, koma palibe katswiri amene angalipange pamene make wadyedwa. Ndiwo za ana athu chaka chamawa zili m'kamwa mwa nsomba imene tiibwezere m'madzi chaka chino.