Mtondo, Chinjira ndi Mpikisano wa Amayi M'masiku Akale

Iye amene afuna kudziwa mbiri ya ubwenzi wa amayi m'dziko lino, pamodzi ndi mpikisano umene ubisala m'kati mwake, asayambire kufunsa pabwalo la mfumu, pamene akuluakulu ankaweruza milandu ya minda ndi ya chigololo, koma atsikire kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo pamene pankakhala mtondo. Pakuti m'midzi ya Achewa ndi ya Amang'anja, m'mene akazi a mbumba imodzi ankabadwira, kukulira ndi kukalambira pamodzi, amuna awo nachokera kwina kudzakhala pachikamwini, pamtondo ndi pamene mkazi ankayesedwa ndi anzake tsiku ndi tsiku, nayenso nawayesa.

Ntchito ya ufa inali yaitali, ndipo siinali yobisika. Mayi ankatapa chimanga m'nkhokwe, nachitongola, nabwera nacho pamtondo kudzakonola. Anzake awiri kapena atatu ankaimirira mozinga mtondo umodzi, misi ikutsika mosinthana, kotero kuti amene dzanja lake lalefuka ankadziwika pomwepo, popeza munsi wake unkagundana ndi wa mnzake. Akapeta ndi lichero kuchotsa gaga, ankaviika mphale masiku angapo, naitsuka, naisinja, nasefa, ndipo potsiriza ufa unkayanikidwa pamphasa poyera, pamene aliyense wopita kumadzi ankauponyera diso. Pamenepo panalibe chinsinsi. Kuchuluka kwa chimanga m'dengu kunkaulula za nkhokwe, nkhokwe inkaulula za mkamwini, ngati ali wakhasu kapena wamowa, ndipo kuyera kwa ufa kunkaulula za mwini wakeyo. Amayi omwewo amene ankathandizana kusinja ndiwo ankawerengerana zonsezi mumtima, ndipo sindiona chifukwa chowadzudzulira. Munthu sapikisana ndi mlendo wa kutsidya amene sanamuonepo, apikisana ndi iye amene adya naye mbale imodzi.

Chimene chiyenera kutamandidwa ndi nzeru imene makolo anapezera nsanjeyo potulukira, ndiyo nyimbo za pamtondo. Mkazi amene mnzake wam'mana mchere, kapena amene wamva kuti mwamuna wake waoneka madzulo kuseri kwa nyumba ina, kapena wa pamitala amene waona mkazi mnzake atalandira nsalu iye osalandira, sankafunika kutukwana. Ankapeka nyimbo yophiphiritsa, yosatchula dzina, naiyamba munsi uli m'manja, ndipo anzake onse, ngakhale wolakwayo, ankayenera kuivomera kuti misi isasokonezeke. Wokhudzidwayo akalephera kupirira nafunsa kuti, "Kodi Anabanda, nyimbo imeneyi mukuimbira ine?", yankho linali lokonzeka kale: "Iyayi amnzanga, ife tikungoimba kuti mphale ifewe." Nyimbo inalibe mlandu, ndipo wodandaula ndiye ankadziulula yekha. Motero mawu ankafika pamene afunika kufika, wolakwa namva manyazi ake, koma mawa lake onse ankakumananso pamtondo womwewo, popeza panalibe amene wanyozedwa ndi dzina.

Kuti njira yotere inali yofunika, tiona pa zimene anapeza M. G. Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a dera la Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, nasindikiza buku lake m'chaka cha 1965. Iye anaona kuti anthu ankanenerana za ufiti makamaka pakati pa abale a mbali ya kuchikazi, ndipo anati chifukwa chake n'chakuti abale otere sankatha kutengerana kubwalo monga achitira anthu wamba; mkwiyo unkangofuka m'kati kufikira tsiku limene mwana adwala, ndipo pamenepo unkatuluka ndi dzina loopsa. Chibale ndi fupa, sichiola, anatero akale; koma chifukwa chomwecho n'chovuta kuchithawa, ndipo mkazi amene mkulu wake, mng'ono wake ndi amake aang'ono onse anali ndi diso pa munda umodzi wa makolo, ankasowa wina wakunja woti am'tsanulire za kukhosi.

Kusowa kumeneku ndiko kunakulitsa chinjira, mwambo wa kumwera kwa Malawi umene Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale, analembapo. Chinjira chinali ubwenzi wa amayi awiri osakhala pachibale, wochita kupangana ndi wodziwika kwa anthu, wokhala ndi udindo wake pamaliro, pamatenda, pachinamwali cha ana ndi pa nthawi ya usiwa. Anjira ankayenderana ndi mphatso; mbale yobwera ndi ufa siinkabwerera yopanda kanthu, ndipo amene walandira nkhuku ankakumbukira kuti kupatsa n'kuika. Apa ndi pamene ubwenzi ndi mpikisano zinalukana kotero kuti palibe angazilekanitse: pakuti wopatsa zambiri ankakweza dzina lake pamaso pa mudzi, wolandira nasenza ngongole ya ulemu, ndipo mayi ankatha kudzimana yekha kuti pamwambo wa mwana wa mnjira wake asaoneke wochepa. Ine ndiyesa mpikisano wotere wolemekezeka koposa ina yonse, popeza opikisanawo ankalimbirana kupatsa, ndipo phindu lake linkagwera ana.

Malinga ngati chuma chonse chinali cha khasu, kusiyana pakati pa mkazi ndi mnzake kunali kwa chaka chimodzi, mvula ikasintha nakonso nkusintha. Ndalama ndiyo inadzetsa kusiyana kokhalitsa. Msonkho wa nyumba utakhazikitsidwa ndi boma la atsamunda, amuna anayamba kutuluka kunka ku Halale ndi ku Joni, ndipo komiti imene boma linaika m'chaka cha 1935 inayerekeza kuti amuna a ku Nyasaland okwana 120,000 anali kunja kwa dziko. Akazi awiri amene anavinidwa limodzi, nakwatiwa chaka chimodzi, ankapezeka kuti wina walandira bulangete, nsalu ndi ndalama zogulira sopo kwa Mandala, kwa Kandodo kapena kusitolo ya Mmwenye, pamene mwamuna wa mnzake wasanduka mtchona, wosalemba ngakhale kalata. Wovala nsalu yatsopano sankafunika kuyankhula kanthu. Kungofika nayo pamtondo kunali kokwanira. Komabe sitinganene kuti ndalama inangopasula, pakuti inamanganso maubwenzi a mtundu wina: mkazi wa kalaliki wa m'tauni, amene anali ndi ndalama koma wopanda munda, ndi mkazi wa kumudzi, amene anali ndi nkhokwe koma wopanda khobidi, ankafunana, wina napereka mchere ndi nsalu, wina ufa ndi nyemba, ngakhale kuti ubwenzi wa anthu osalingana ufuna kudzichepetsa kumene si onse ali nako.

Mpingo nawo unatsegula bwalo lake. Chigwirizano cha amayi cha ku Nkhoma, chimene chinayamba m'chaka cha 1940, ndi Mvano wa ku Blantyre, zinasonkhanitsa akazi a midzi yosiyana amene kale sakadakhala pamphasa imodzi. Ndipo amayiwo sanachedwe kudzipeza okha m'Buku Lopatulika, mwa Hana amene Penina anam'sautsa chifukwa cha kusabala, mwa Rakele ndi Leya, ndi mwa Euodiya ndi Suntuke a ku Filipi, amene anagwira ntchito ya Uthenga pamodzi ndi Paulo koma anachita kudandauliridwa kuti amvane. Maudindo, kuimba ndi kusoka zinakhala zolimbirana zatsopano. Koma chovala chofanana chimene mabungwewa anadzakhala nacho m'kupita kwa nthawi, malaya oyera ndi mpango woyera kumutu, chinachita ntchito yaikulu, pakuti chinabisa kwa tsiku limodzi kusiyana kwa mkazi wa mphunzitsi ndi mkazi wamasiye.

Chiyeso chachikulu chinadza ndi njala ya 1949, imene inakantha kwambiri boma la Blantyre. Amuna ambiri anapita kutali kukasuma, ena osabweranso. Pogawa chakudya, boma linkayesa kuti mkazi wokwatiwa asamalidwa ndi mwamuna wake, kotero kuti wosiyidwa ankavutika kuti aoneke ngati woyenera thandizo, pamene mabanja a anthu olembedwa ntchito anali ndi pogwira. Chidyerano chinatha, yense nalowa ndi mphika wake m'nyumba, natseka chitseko kuti mwana wa mnzake asamve fungo. Pamenepo panaoneka ubwenzi weniweni, panaonekanso chibwenzi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Ndipo n'chinthu chogwira mtima kuti Vaughan, polemba buku lake la njala imeneyi limene linatuluka mu 1987, anapeza umboni wake wamphamvu m'nyimbo za pamtondo zimene amayi okalamba ankakumbukirabe, zimene zinasunga zowawa zosalembedwa m'mabuku a boma. Ndipo zala za m'nyimbozo zinaloza makamaka amuna othawa mabanja awo.

Chimene njala inalephera kuchita, chigayo chinachita mosavuta. Zigayo zitafalikira m'misika ndi m'midzi, kufikira ndi makina okonola omwe, mayi anamasuka ku ntchito yothyola msana, ndipo palibe wanzeru angam'bwezere kumeneko. Koma kuchigayo munthu aima pamzere, nalipira, nachoka, ndipo phokoso la makina silisiya malo a nyimbo. Mpikisano sunathe, unangosamukira kumjigo, kuzinkhoswe ndi kumaukwati, kumene amayi aponya ndalama m'lichero onse akuona, ndiponso kuchiperegani ndi kubanki m'khonde. M'magulu amenewa anjira a lero akhala mozungulira bokosi la ndalama ndi kabuku, ndipo amene wachedwa kubweza ngongole sam'phiphiritsanso: mlembi awerenga dzina lake mokweza pamaso pa anzake onse, pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi chindapusa chake.