Sang'amba Diso, Amatsegula Njira ya Misozi

Kwathu kuno ku Mtunthama, nyengo yosankha fodya m'zigafa ikafika, maso a anthu amafiira ndi fumbi ndipo misozi imalengeza. Palibe amadabwa, chifukwa mabelo akapita kumsika maso amayeranso. Koma pali gogo wina wa m'dera lathu amene diso lake limodzi silinaume chaka chathunthu. Pakati pa diso ndi mphuno panatupa ngati kachithupsa, ndipo ukadinapo pankatuluka mafinya. Atapita naye kuchipatala, mdzukulu amene anamuperekeza anamufotokozera mawu a dokotala motere: "Agogo, akuti akakung'ambeni diso." Gogoyo anamanga kachikwama kake n'kubwerera kumudzi. Chinamuthawitsa si mpeni wa dokotala. Ndi mawu awiri amene mdzukulu wakeyo anasankha molakwa.

Tiyambe ndi dzina la malo odwalawo. Misozi imachokera pansi pa chikope cham'mwamba, imatsuka diso, kenako imalowa m'timabowo tiwiri ta m'zikope, kufupi ndi mphuno. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kokani chikope cham'munsi pagalasi, kabowoko mukaona. Kuchokera pamenepo misozi imagwera m'kathumba, n'kutsikira m'mphuno. N'chifukwa chake wolira pamaliro amaminanso. Ambiri amatcha njira imeneyi mtsempha, koma mawu amenewa tawasenzetsa kale katundu wambiri, pakuti wa magazi ndi mtsempha, wa kuchidendene ndi mtsemphanso. Munthu akamva kuti mtsempha wa diso watsekeka amaganiza za khungu. Tizinena kuti njira ya misozi ndi kathumba ka misozi. Mlimi aliyense amadziwa zimene madzi amachita ngalande ikatsekeka: amasefukira, otsalawo amaima n'kuyamba kununkha.

Nawo mawu akuti "matenda a maso" ndi dengu limene timaponyamo chilichonse. Ng'ala ndi ina, imaphimba kuona. Trachoma ndi ina, imapinda chikope mpaka tsitsi lake kumakanda diso, ndipo bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi wathana nayo monga vuto la dziko. Nthenda ya gogo uja madokotala amaitcha dacryocystitis, ife tingoti kutupa kwa kathumba ka misozi. Ngakhale manthongo ndi mafinya tisamazisokoneze. Manthongo ndi a m'mawa, amachoka ndi madzi osukusula. Mafinya ndi chizindikiro chakuti tizilombo tamanga msasa.

Tsopano aneni, amene Chichewa chili nawo ochuluka. Timang'amba nsalu, timatumbula nkhuku kapena chithupsa, timakolowola mbatata yotsalira m'nthaka, timaboola khoma. Mwa onsewa palibe ngakhale mmodzi amene amachitika pa diso lenilenilo. Dokotala amayamba ndi mankhwala opha tizilombo kuti kutupa kuphwe. Pambuyo pake amacheka pang'ono khungu la pambali pa mphuno, kapena amadzera m'mphuno momwemo, n'kuboola kafupa kopyapyala kamene kali pakati pa kathumba ndi mphuno. Misozi imapeza njira yatsopano yolambalala potsekeka paja. Nthawi zambiri amasiyamo kachubu kofewa kwa milungu kapena miyezi ingapo kuti njirayo isatsekekenso. Opaleshoni imeneyi si yachilendo: dokotala wa ku Italy, Addeo Toti, anaifotokoza mu 1904. Choncho mawu oona ndi akuti akukatsegula njira ya misozi.

Khanda likabadwa ndi diso lolengeza misozi, mawu akuti opaleshoni asafulumire kutuluka pakamwa. Mwa makanda ambiri njirayi imatseguka yokha chaka chisanathe, mayi akamasisita pambali pa mphuno monga achipatala amuphunzitsira. Koma wamkulu amene ali ndi ng'ala komanso mafinya a m'kathumba ayenera kuchira mafinyawo kaye, chifukwa angathe kulowa m'diso pochotsa ng'alayo.

Wodwala wa kuno amayambira kuchipatala cha St Andrew's kapena kuchipatala cha boma ku Kasungu, ndipo nkhani ikakula ulendo umaloza kwa akatswiri a maso ku Lilongwe kapena ku Nkhoma. Ndi ulendo wodya ndalama za fodya, ndipo munthu sauyamba ngati mawu amene wamva amuopseza. Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa dera lino amene anatsegula Kamuzu Academy pano mu 1981, anali dokotala, ndipo mu ulamuliro wake munakhazikitsidwa Chichewa Board mu 1972 kuti isamale chinenero. Ntchito ziwirizi, ya mankhwala ndi ya mawu, zimakumana pakamwa pa aliyense woperekeza wodwala.

Inu anamwino, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi ndi adzukulu omasulira mawu a dokotala, musanayankhule dzifunseni kuti mneni amene mwasankha ajambula chithunzi chotani m'mutu mwa nkhalamba. Mukagwada pafupi ndi mphasa yake, nenani zoona zake: "Agogo, diso lanu salikhudza. Ngalande ya misozi ndiyo yatsekeka, akukakutsegulirani ina."