Facel Vega, Galimoto ya Dzina la Nyenyezi

Nkhondo yaikuru yaciwiri itatha m'caka ca 1945, dziko la France linatsala losauka ndithu. Boma linaika msonkho wolemera pa magalimoto a injini zazikuru, pofuna kuti anthu azigula timagalimoto tating'ono tosamwa mafuta ambiri. Cifukwa ca ici, makampani akale opanga magalimoto a anthu acuma, monga Delahaye ndi Delage, anayamba kufa imodziimodzi. Koma m'masiku obvuta omwewo munthu wina, dzina lace Jean Daninos, anatsimikiza mtima kupanga galimoto yaikuru ndi yaulemu.

Daninos anali mkuru wa kampani yosula zitsulo, dzina lace Facel. Nchito yao inali kuumba mabodi, ndiko kuti matupi a magalimoto, ndi kuwagulitsa kwa makampani ena monga Simca, Panhard ndi Ford. Citsulo ankacidziwa bwino lomwe, koma injini yamphamvu analibe. Tsono anaitanitsa injini za masilinda 8 kucokera ku kampani ya Chrysler ku America, naziika m'matupi osulidwa ndi amisiri ace. Galimoto yoyamba anaionetsa kwa anthu mu mzinda wa Paris m'caka ca 1954. Dzina lakuti Vega linaperekedwa ndi mbale wace Pierre, amene anali wolemba mabuku, ndipo ndi dzina la nyenyezi ina yowala kwambiri.

Tiyenera kumvetsa mtundu wa galimoto imeneyi. Siinali ya mpikisano, siinalinso yonyamula katundu ai. Inali ya ulendo wautali, kuti munthu ndi mnzace ayende tsiku lathunthu, mwaliwiro, nakafika osatopa. Mipando yace inali ya cikopa cofewa. Kutsogolo kwa woyendetsa kunali ngati thabwa la mtengo wokongola, koma wolikhudza ankadabwa kupeza kuti ndi citsulo: mmisiri ankajambulapo mizere ya mtengo ndi dzanja. Ya mtundu wa HK500 inkatha kuthamanga mamailosi oposa 130 pa ora limodzi. Pakuti msonkho uja unalipobe, zambiri zinagulidwa ndi anthu akunja. Mfumu ya ku Iran inali nayo, ndiponso Stirling Moss, katswiri wa mipikisano ya magalimoto wa ku England.

Dzina la Facel Vega limakumbukikanso cifukwa ca maliro. Pa 4 January 1960 imodzi ya magalimotowa inapatuka mumseu pafupi ndi mudzi wa Villeblevin niomba mtengo. M'menemo munafera Albert Camus, mlembi womveka amene analandira mphoto ya Nobel mu 1957. Woyendetsa, bwenzi lace Michel Gallimard, anamwalira patapita masiku owerengeka. M'thumba mwa Camus anapezamo tikiti ya sitima imene sanaigwiritse nchito.

Ngoziyo siinagwetse kampani. Cinaigwetsa ndi kagalimoto kakang'ono. Daninos anaona kuti anthu acuma ndi ocepa, ndipo anafuna kupanga galimoto yotsika mtengo yakuti ambiri agule. Anaipatsa dzina lakuti Facellia, naionetsa mu 1959. Ganizo limeneli silinali loipa. Bvuto linali pa injini, pakuti boma silinafune kuti kagalimotoka kakhale ndi injini ya kunja. Cotero nchitoyo inaperekedwa kwa kampani ya Pont-à-Mousson, yodziwa kupanga mipope ya citsulo ndi magiya, koma yosazolowera kupanga injini za magalimoto. Kunena zoona, anafulumira nayo. Injiniyo anaigulitsa isanayesedwe mokwanira.

Posacedwa ogula anayamba kubwerera ndi madandaulo. Injini zinkaonongeka zikali zatsopano, mapisitoni ace akupsa ndi kubooka. Kampani inasunga pangano lace nisinthira anthu injini zina kwaulere, ndipo ndalama zinathera pomwepo. Mbiri yoipa inawanda, ogula nathawa. Daninos anasiya udindo wace mu 1961.

Cocititsa cisoni ndi cakuti m'caka comweco anaturutsa Facel II, imene ambiri amati ndiyo yokongola koposa zonse. Anangopanga pafupifupi 180. Mu 1963 kagalimoto kaja anakaikamo injini ya Volvo ya ku Sweden, ndipo kanayenda bwino, kusonyeza kuti thupi lace linalibe cilema. Koma ngongole zinali zitacuruka kale. Fakitale inatsekedwa mu October 1964, itapanga magalimoto pafupifupi 2,900 m'zaka khumi.

Jean Daninos anakhala ndi moyo kufikira caka ca 2001. Magalimoto ace otsala ali m'manja mwa anthu osunga zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America, ndipo Facel II ikapezeka pa malonda, ogula amalimbirana mtengo wace.